Ola Limodzi M'khola

Ndalama za penshoni ndinazisandutsa njerwa
kuseri kwa nyumba, kuno kwa Chinsapo.
Ndinauza a Kamtedza, amisiri:
mangani ngati mukumanga banki,
khoma likagunde denga,
zenera likhale loti mkono wa mbala usalowe.
Iwo anayang'ana dzuwa, nayang'ana ine,
nati, "Ndalama ndi zanu, bwana."

Nkhuku mazana awiri, zofiira psuu,
zinafika pa kalole.
Juni ndi Julaye tinkamvana.
Sungeni ankatola mazira asanavale yunifomu,
ine n'kumalemba m'kope
ngati ndikadali kalaliki ku Likulu.

Kenaka Okutobala.
Dzira kungoligwira, phwa.
Lina lopanda n'chigoba chomwe,
lofewa ngati madzi a m'jumbo a pa depoti,
lina lodzola zitosi.
Mai Nachisale a pamsika wa Lizulu
anandibwezera mathireyi atatu:
"Bambo, awa ndi mazira kapena mababu?
Minibasi ikangogunda bampu, theka lapita."

Ndinatukwana ogulitsa chakudya ku Kanengo.
Ndinagula mankhwala a mitundu inayi.
Aneba ndinasiya kuwapatsa moni;
musandifunse zomwe ndinkawaganizira.

Lachinayi lina, dzuwa lili paliwombo,
ndalowa ndi ndowa ya madeya,
Sungeni, poyesa mulibe munthu,
anakhoma loko panja
napita kuchigayo, kiyi ali m'khosi.

Ndinakuwa. Wayilesi ya aneba inandiposa.

Malata anali kuthetheka pamutu panga.
Fungo la zitosi linandiluma m'maso
mpaka misozi, ine wamkulu wamkuluyu.
Nkhuku zili yasa, mapiko tambalale,
wefuwefu,
palibe ndi imodzi yomwe yotetera.
Zisanu zinkakanganirana katoni imodzi,
yachisanu ndi chimodzi inangoikira pansi
zinzake n'kujompha dziralo likadali lofunda.
Ina msana unali mbee, nthenga anaizula anzake.
Ndinaviika chala m'madzi akumwa:
ofunda, oti n'kusambitsira khanda.

Ndinakwera pa ndowa,
mphuno pa kazenera kanga kaja
ngati wandende wa ku Maula.
Ola limodzi lokha.
Izo zinali zitakhalamo miyezi isanu
ndipo m'mawa uliwonse ndinkazifunsa dzira.

A Kamtedza sanandiseke.
Kapena anasekera kunjira, sindidziwa.
Anabwera ndi hamala ndi mnyamata wawo,
nagumula khoma mpaka la m'mawondo,
kumtundako waya, mbali zonse ziwiri,
kuti mphepo yochokera kudambo
ilowe uku ikatulukire uko.
Denga analikweza, naliyalira udzu pamwamba,
khonde lalitali loti dzuwa ndi mvula zizithera panja.
Mitanda ya bulugamu yogonapo,
zisa m'ngodya yamdima, chimodzi cha nkhuku zisanu,
pansi utuchi wouma wa kwa opala matabwa,
ndi kakhomo kotulukira pansi pa mpapaya
pomwe pali fumbi loti zisambe.

"Makumi asanu mugulitse," anatero.
Apo ndiye tinakangana.
Ndinagulitsa makumi anayi.

Sabata yoyamba, zii.
Yachiwiri, zii.
Ndinayamba kuwerengera njerwa zomwe ndinaphwanya.
Yachitatu ili pakati, mbandakucha,
phokoso la kutetera linandidzutsa
ngati amayi akumana pa kiyosiki ya madzi.

Mbala ndimaziwopabe.
Usiku galu akauwa ndimatuluka ndi tochi,
n'kuzipeza zandandalika pa mitanda,
mitu m'mapiko, sizikundidziwa n'komwe.
Mwezi watha wina anadula waya natenga ziwiri.
Ndinasoka pobowokapo. Khoma sindibwezera.

Lero Sungeni amakazinga dzira:
wagogoda m'mphepete mwa chiwaya kamodzi,
lakana.
Kawiri, ndiye laswa,
chikasu chili njo pakati, chosabalalika.
Foni ikulira pawindo.
Ndi Mai Nachisale, akufuna mathireyi anayi,
koma mtengo, ati, ukhale wakale uja.